Nsalu Yoyera pa Khoma la Situdiyo

Nsanje,
9 Disembala 1976

Achimwene Hilario,

Dzulo apolisi anatenga kamera yanga ndi mafilimu onse. Andiuza kuti ndikaonekere kwa iwo Lolemba m'mawa.

Pepani, ndayamba ndi zimenezi ndisanakulonjereni. Muli bwanji kumeneko ku Limbe, inu ndi alamu? Kuno m'thupi tili bwino, kupatula mlamu wanu Otilia amene sakudya. Kalatayi ndapatsira Kalisto wogwira ntchito m'sitima, chifukwa za ku positi zimatsegulidwa. Mukawerenga muitenthe.

Mukudziwa kuti mu situdiyo yanga mulibe magetsi. Ndimajambula ndi kuwala kwa zenera lalikulu loyang'ana kummwera, kumene kumagwera pankhope mofatsa. Koma mwezi uno dzuwa latsamira mbali yomweyo, ndipo m'mawa limalowa mpaka pakhoma la tsidya. Pakhomapo ndi pamene pali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, chimene aliyense wamalonda ayenera kupachika.

Lachiwiri kunabwera Clotilda, mwana wa a Saulos, apampando a chipani kuno, kudzajambulitsa chithunzi chotumiza kwa bwenzi lake. Dzuwa linamenya galasi la chithunzi chija n'kubwerera patsaya la Clotilda ngati chipsera. Kuchitsitsa ndinaopa. Ndiye ndinatenga nsalu yoyera imene ndimabwezera kuwala kumbali yamthunzi ya nkhope, n'kuchiphimba. Sipanathe mphindi zisanu. Nkhope inatuluka bwino kuposa zonse ndajambula chaka chino.

Mtsikanayo sanaganize zoipa. Anakauza bambo ake moseka kuti Lorenso ndi katswiri, amafunditsa ngakhale akuluakulu. A Saulos anabwera okha. Anandifunsa kuti kwathu kuno timafunditsa ndani nsalu yoyera kumaso. Ndinayamba kufotokoza za galasi, iwo anati sanafunse za galasi. Potuluka anandikumbutsa kuti bambo athu anachokera kutsidya, ku Mozambiki.

Ndawerenga zimene ndingapeze, sindinaone lamulo loletsa kuphimba galasi. Koma Petro wosoka zovala uja analibenso lamulo limene anaphwanya, ndipo chaka chachitatu chino mkazi wake sakudziwa kumene ali. 

Pempho langa ndi ili. Otilia ndi ana akwera sitima ya Loweruka. Mukawalandire pa siteshoni, ndipo anansi akafunsa munene kuti abwera kuchipatala. Amayi musawauze kanthu kufikira mutamva za Lolemba.

Pali chimodzi chimene sindinamuuze Otilia. Potsuka chithunzi cha Clotilda ndinadula m'mphepete, khoma silinaoneke. Pa filimu lilipo lonse. Lolemba apolisi adzaikweza pa zenera kuti aione, ndipo pa filimu choyera chimaoneka chakuda. Adzaona nsalu yamaliro.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni, nafenso mutikumbuke m'mapemphero.

Ndine mng'ono wanu,
Lorenso