Maliro a Apongozi a Lucia

Lolemba, 3 Novembala
Lucia wadya lero. Theka la mbale, koma wadya. Sabata yachitatu chithawireni mwamuna wake Chester ku South Bend. Diso laphwa. Kunyumba yathu yobisalako amayi kuno ku Indianapolis amukonda kale, akuluka tsitsi la aliyense. Ntchito yangayi masiku ena imakoma.

Lachinayi, 6 Novembala
Amayi ake a Chester amwalira ku Ntcheu. Amalawi akukakhuza kunyumba kwa Chester Loweruka. Lucia akuti apita. Ndakalipa mpaka ndachita manyazi. Iye anangoti: "Anti, mayi aja ankandiimbira kungofunsa ngati ndadya. Ndisawalire?"

Anzanga a ku ofesi akuti atumize maluwa. Maluwa! Ndayesa kufotokoza kuti kwathu sujomba maliro a apongozi, Chingerezi chandithera.

Mantha anga ndi amodzi: akalowa m'nyumba muja satulukamonso. Ndaona ambiri.

Lachisanu, 7 Novembala
Ndaimbira Mayi Chrissie, mkulu wa amayi kutchalitchi kwa Lucia ndi Chester. Omwe aja amanena kuti ine ndimaphwasula mabanja. Ndawauza zonse, ngakhale za nthiti zimene Chester anamuthyola. Iwo anangoti: "Mubwere naye." Basi, foni n'kudula. Kaya ndapeza mnzanga, kaya ndamugulitsa mwana wa eni.

Loweruka, 8 Novembala
Mipando yonse atulutsa. Amayi pansi pabalaza, zitenje pamwamba pa majekete. Abambo ku garaja ndi hita yawo. Mayi Chrissie anamukhazika Lucia pakona, iwo kutsogolo kwake, amayi ena uku ndi uku. Analira mwana uja! Inenso ndinalira, malemuwo osawadziwa n'komwe.

Chester anafika pakhomo. "Ndingoyankhula naye pang'ono." Mayi Chrissie osacheuka: "Abambo ku garaja." Atabweranso, Mayi Chrissie anangokweza nyimbo.

Pochoka amayi anatiperekeza akuimba, Lucia ali pakati, mpaka pagalimoto. Chester ataima pakapinga, manja m'thumba.

Lamulungu, 9 Novembala
Mawondo akuwawa, zokhala pansi ndinaiwala. Dzulo pobwerera tinayenda mpaka kudutsa tauni ya Kokomo. Ine maso pagalasi, kuopa kuti akutitsatira. Kenako Lucia anavula duku, n'kulipinda bwinobwino pamwendo.

"Anti, Lolemba mundiperekeze kukhoti, akamuletse kundiyandikira. Amayi ndawalira. Kulibenso wanga uko."

Ndinaimika galimoto pambali. Msewu sunkaonekanso ndi misozi.