Nkhosa ya pa Chiliza cha Makolo

Kilbrack, Carlow
9 Meyi 1996

Okondedwa achemwali anga Philomena,

Akukulemberani ndi Malachy Tallon, mkulu wa a Tallon onse a m'parishi muno, amene tilipo awiri mukawerengera galu. Khalani pansi, ndipo ndodo yanu muiike patali.

Kalata yanu ndinalandira, pamodzi ndi chizindikiro cha banja lathu chimene mukufuna chisemedwe pa chiliza cha bambo ndi mayi musanafike mu Ogasiti. Ndithu mwachisunga bwino. Mukukumbukira m'mene chinabwerera? Mutangofika ku Chicago munandilembera mukulira, kuti mayi wina wa ku England, Tallon mnzanu, anakoloweka chishango cha mkango pakhoma n'kumati iwo ndiwo eni dzina, ife a ku Ireland tinangolitola panjira. Ine ndinapsa mtima. N'zoona dzinali linaoloka nyanja ndi asilikali kalekale, koma bambo ankati makolo athu ankangowanyamulira udzu wa akavalo. Ndikanakulemberani zimenezo? Ndinakujambulirani chizindikiro cha nkhosa yamphongo ndi nyenyezi zitatu, ndinati agogo athu anachilandira kwa mfumu.

Lolemba ndinapita nacho kwa Fintan Kehoe, wosema miyala uja. Anachiyang'ana, anachitembenuza, kenaka anayamba kutsokomola.

"Madala, nkhosa iyi ndikuidziwa."

"Uidziwire kuti iwe? Ndi ya anthu olemekezeka."

"Olemekezeka ati? Si ya pachitini cha mankhwala a dibi iyi? Kwathu chilipo, timasungiramo misomali!"

"Tseka pakamwa, mphepo ingalowe."

"Nanga nyenyezizi bwanji zili ndi miyendo?"

Achemwali, pamenepa mundimvere chisoni. Pachitini paja panali nkhupakupa zitatu zakufa, miyendo m'mwamba. Ine kujambula sindinakuphunzire, sukulu ndinalekezera pamene mukupadziwa. Zitatuluka ngati nyenyezi ndinangoti Mulungu wandithandiza.

Fintan anaseka mpaka kukhala pa mwala wa munthu wina. Ndinamuuza kuti mdzukulu wanu Declan anachidinditsa pamkono, ndiye anachita kugwa nawo mwalawo. Akuti mnyamatayo asadandaule, nkhupakupa sizidzamuluma moyo wake wonse.

Koma atapukuta misozi anati, "Bambo anu anaweta nkhosa zaka makumi asanu. Mkango anauonapo?" Basi anatenga chitsulo chake n'kusema. Yatuluka bwino nkhosayo, nkhope yake ngati ya amalume a Cornelius.

Tsono ine tulo tasowa. Zaka makumi anayi sindinakuoneni, ndipo ndikudziwa mtima wanu: mutha kung'amba tikiti chifukwa cha chitini. Ndikanatha kukhala chete, Fintan ndikanamutseka pakamwa ndi botolo limodzi. Koma kunamiza amoyo ndinazolowera, kunamiza mayi ali m'manda ndiye kwandikanika.

Chipinda chanu ndapaka laimu. Mtengo wa maapozi uja ukadalipo, wapindika ngati ine. Mundiperekere moni kwa Declan, koma za nkhupakupazi mumuuze atavala malaya a manja aatali.

Ndine mlongo wanu wosamva,
Malachy

Ndinaiwala: pamwambapa ndanamapo kamodzi. Fintan sanaseme kanthu, mwala ukadali woyera. Ndinafuna muyambe mwakalipa mokwanira. Akuti sakhudza chitsulo mpaka mwini chizindikiro adzanene yekha ndi pakamwa pake, ataima pamandapo. Ndiye bwerani, achemwali. Ndodo ija mubwere nayo, mutu ndausunga.