Dzenje la Sakiusa

Lolemba, 3 Malichi

Holo ya m'mudzi yatha kumangidwa! Njira yotsetsereka ilipo, yasimenti, njinga yanga ya olumala yakwera yokha popanda wondikankha. Makalata anga a zaka ziwiri aja sanapite pachabe. Ndinkangobwereza mawu amodzi: lamulo likuti nyumba ya anthu onse alowemo onse. Namondwe akabweranso, pothawira m'holo anthu sadzandinyamula ngati thumba la chinangwa.

Kutsegulira ndi Loweruka. Ndasita kale diresi lobiriwira.

Lachiwiri, 4 Malichi

Azakhali Asenaca abwera ndi nsomba. Ndinadziwiratu kuti nsombayo si yaulere.

Akuti Loweruka ndikalowa, anyamata anditsitse pa njinga, ndikhale pamkeka. "Mwana wa achimwene, chakumwa chathu cha mwambo cha yaqona chikamagawidwa mutu wako ungatalike kuposa wa akuluakulu? Unabadwira konkuno iwe."

Mutu wanga unaima. Ndawauza kuti pansi sindikhazikika, ndimagwera cham'mbali. Iwo akuti andichirikiza ndi mapilo. Mapilo! Ndiye ndinavutikira njira ija kuti ndikafike pakhomo n'kunyamulidwanso?

Chondiwawa n'chakuti sananame. Inenso miyendo isanafe ndinkayenda chowerama m'holo yakale, ndipo wodutsa chilili ndinkamuyang'ana ndi diso lofiira.

Lachinayi, 6 Malichi



Msuweni wanga Sakiusa, kalipentala wathu, wandiitana akumwetulira mano onse pamtunda. "Vasemaca, bwera udzaone nzeru, usiye kulira!"

Wadula matabwa apansi m'holo, kuseri kwa chitseko, wapanga malo otsika oti njinga izilowamo. Anayeza ndi tepi kuti mutu wanga ufanane ndi wa munthu wokhala pamkeka. Wapakamo ndi vanishi.

Dzenje. Andikumbira dzenje ndili moyo.

Ndamufunsa kuti maluwa adzaika mbali iti. Sanaseke. Akuti sanagone bwino masiku awiri kuganizira ine. Ndiye ukalipira bwanji munthu wotero? Ndangobwerera kunyumba.

Lachisanu, 7 Malichi

Sindipita. Diresi ndabwezera m'sutikesi.

Loweruka, 8 Malichi

Ndinapita. Mkwiyo ndi umene unandiveka diresi.

Ndinaima pakhomo penipeni, osalowa m'dzenje, osatsika.  Azakhali akundikodola ndi maso, ine ndangoti nga-nga.

Kenaka kumbuyo kwanga ndodo, go, go, pa simenti. Amalume Peniasi! Munthu wamkulu kuposa onse m'mudzi muno, amene timati anasiya misonkhano chaka chatha chifukwa chonyanyala. Akwera njira yanga ija akukoka mpando wapulasitiki.

"Tapatuka, mphwanga, watseka njira."

Anauika pakati pa mkeka n'kukhalapo. Ine mtima phaa. Anthu kungoti kukamwa yasa.

"Mumati ndinanyanyala? Mawondo awa. Ndikakhala pansi sindidzuka, ndipo ndinkachita manyazi kukuuzani." Kenaka analoza kuseri kwa chitseko. "Sakiusa, m'menemo uzisungamo nsapato. Vasemaca, sendera kuno."

Ndinasendera, matayala akulira pamkeka watsopano. Palibe anatsokomola.

Wogawa yaqona anafika chogwada monga mwa nthawi zonse, n'kupeza kuti pamaso pake pali mawondo athu okha. Anayang'ana uku ndi uku. Kenaka anakweza chikho m'mwamba ndi manja awiri.

Amalume atamwa, chachiwiri chinabwera kwa ine. Ndinaomba m'manja kamodzi monga mwa mwambo, n'kulandira.