Mkuyu wa Kumanda

South Bend, Novembala 2016

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Kuno kukuzizira, dzuwa silikuoneka.

Madzi aja ndinatunga m'mabotolo pamalo osiyanasiyana mumtsinje wathu ndawatesita kulabu. Kumene anthu anagwetsa mitengo n'kulima mpaka m'mphepete, madzi akukokolola kaboni, chonde chomwe chinasungika m'dothi kuyambira kalekale, ndipo wina akuuluka ngati mpweya. Nthaka ikutha, Amalume. Botolo labwino ndi limodzi lokha, lotungidwa kumunsi kwa manda, poti mitengo ya kumanda sadula.

Koma a Edmond a ku Indianapolis, omwe angobwera kuchokera kumudziko, akuti nkhuni zootchera njerwa zasowa, ndipo anthu ayamba kuyang'ana kumandako. Sindinafunsitse.

Amayi munawaika pansi pa mkuyu ine kulibe. Mkuyuwo ulipobe?

Ine mwana wanu,
Upile