Boneti Yofunda M'mawa wa Chisanu

Aphungu,

Chikwama changa cha zovala chili pansi pa bedi, cholongedza kale, ndipo Loweruka likubwerali mkulu wanga Larysa adzanditenga kupita kwawo ku Brandon. Ndisanasiye banja limene ndakhalamo kuyambira ndili mtsikana, ndati ndimve kaye kwa munthu amene satidziwa.

Mwamuna wanga, tingomutchula kuti Orest, anali chidakwa. Chaka chatha apolisi anamugwira akuyendetsa galimoto ataledzera, namulanda laisensi. Tsiku limene tinachokera kukhoti anagwada m'khitchini, nalumbira zinthu ziwiri: botolo salikhudzanso, ndipo makiyi a galimoto sawagwira mpaka atamubwezera laisensi yake. Ine ndinangomuuza kuti, "Ukadzaphwanya chimodzi mwa ziwirizi, usadzandifunefune." Kuyambira pamenepo wakhala bwino, sindinama. Kuntchito kwake, kusitolo ya zipangizo zomangira, amapita wapansi, ndipo amabwerako maso ali oyera.

Zinthu zasokonekera ndi chisanu chino. Ine ndimaphika kunyumba yosungirako okalamba, makilomita atatu okha kuchokera kwathu, ndipo ndimayamba 6 koloko m'mawa. Kupatula kumeneko ndimapita kugolosale ndi kutchalitchi basi. Koma mafuta amene m'chilimwe ndinkayendera mwezi wathunthu, pano sakukwana milungu iwiri. Muvi wosonyeza mafuta m'galimoto ukutsika ngati pali amene akuukoka.

Poyamba sindinaganize zoipa. Ndinkanyadira kuti galimoto yanga ndi yolimba, chifukwa inkalira kamodzin'kamodzi pamene za anzanga zikukana, chonsecho sindiipulaga kumagetsi monga amachitira anthu kuno kuti injini isazizire usiku. Chingwe chotenthetsera injini chinaduka mu Novembala, tsiku limene ndinabweza galimoto m'mbuyo ndili pachangu osachizula pamtengo wa soketi. Orest anandikumbutsa kangapo kuti ndikakonzetse, ine n'kumati ndipita mawa.

Ndiye Lolemba lapitali, kunja kuli madigiri 32 pansi pa ziro, ndinatenga makiyi pamsomali wa pakhomo. Anali ozizira ngati achokera mufiriji. Nditafika kuseri kwa nyumba kumene timaimika galimoto, ndinavula gulovu n'kugwira boneti. Inali yofunda, Aphungu. Mpando wa dalaivala unali utakankhidwira kumbuyo. Ndinabwerera m'nyumba osavula n'komwe nsapato.

"Iwe Orest, makiyiwa azizira chonchi bwanji?"

"Pakhomopo pamalowa mphepo."

"Mphepo yomweyo ndi imenenso yakankha mpando? Ili ndi miyendo yaitali mphepo yakoyo, eti?"

"Sindinapite kulikonse ine."

"Sindikufunsa kumene unapita. Makiyi unawagwira kapena ayi?"

Anangoyang'ana m'kapu yake ya khofi, osayankha.

Nditamuimbira Larysa, sanachedwe. "Mwana wa amayi, ukufuna umboni wina wotani? Galimoto imamwa mafuta itagona? Akupita kwa Dwayne ameneyo iwe uli mtulo, ndipo chingamu amatafunayo ndi yobisira fungo." Dwayne ndi mnzake wakale womwa naye, amakhala kunja kwa tauni, ndipo kwake mowa ulibe nthawi. Chipinda chathu chogona chili kutsogolo kwa nyumba, choncho galimoto ikhoza kulira kuseri ine osamva kanthu. Orest amadzuka ine ndisanadzuke masiku onse, amati akukaphika khofi ndi kupala madzi oundana pa magalasi a galimoto.

Makiyi tsopano ndimagona nawo m'thumba, iye akugona kuchipinda chapansi. Chilichonse chikundiukira. Lachitatu ndinaterereka pa kachulu ka madzi oundana kamene kamera kumbuyo kwa galimoto, pansi penipeni pa paipi ya utsi, bondo mpaka pano ndi lotupa. Lachinayi galimoto inakaniratu kulira, okalamba anga anadya phala mochedwa, abwana anandiyang'ana ndi diso loipa.

Fungo la mowa sindinamumve nalo, botolo sindinalipeze, ngakhale ndasanthula nyumba yonse mpaka m'nsapato zake. Koma mafuta akupita kuti? Orest akagwidwanso, ndi ndende basi, ndipo akagunda mwana wa munthu ine ndidzayang'ana bwanji anthu m'tauni muno? Ndimamukonda, koma ndinalumbira nanenso. Ndipite Loweruka?

D.H., Dauphin, Manitoba


Mayi D.H.,

Chikwamacho chisiyeni pansi pa bedi pomwepo, musachimasule, komanso musachinyamule. Muimbireni Larysa kuti Loweruka lino asawotche mafuta ake. Mlandu mwauweruza ndi mboni imodzi, muvi wa mafuta, ndipo mu Januwale mboni imeneyo imanamizira aliyense.

Mkulu wanu akuti galimoto siimwa mafuta itagona. Imamwa, mayi, ndipo imamwa kwambiri. Ndayendetsa galimoto m'chisanu cha kuno mpaka tsitsi kuyera, ndiye ndimvereni. Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito itatentha. Ikakhala yozizira imadzithira yokha mafuta ochuluka kuti isazime, oyilo amakhala atalimba ngati uchi wa mufiriji, ndipo chilichonse chozungulira m'katimo chimayenda mokakamiza. Kuti ifike pakutentha kwake pa madigiri 30 pansi pa ziro imafuna ulendo ndithu. Inu makilomita atatu mwafika kale, mwazimitsa. Ndiye kuti chisanu chonsechi galimoto yanu siinayendepo ili bwino, ulendo uliwonse ndi wa injini yozizira, popita ndi pobwera. Onjezanipo matayala amene mphepo yake imatsika kukazizira, msewu wa chipale chofewa umene umagwira matayala, ndi zotenthetsera magalasi ndi mipando. Pa maulendo afupiafupi ngati anuwa, zimenezi zokha zikhoza kukudyerani lita imodzi pa malita anayi aliwonse, Orest asanadzuke n'komwe. Ndipo mukaweruka ndikudziwa kuti mumaliza injini kaye n'kubwerera m'kati kukavala jekete, tonse timatero.

Komabe zimenezi sizikukwanira kufotokoza theka lonse la mafuta, ndipo sizifunditsa boneti. Apa ndiye werenganinso kalata yanu yomwe, chifukwa yankho mwalilemba nokha koma mkwiyo wakuphimbani m'maso.

Chingwe chinaduka mu Novembala. Galimoto yosapulaga inkalira kamodzin'kamodzi pamene za anzanu zikukana. Mutangobisa makiyi, inakana. Mukuganiza kuti inkalimba ndi mapemphero? Pali munthu amene ankaidzutsa inu musanadzuke.

Tsopano kachulu kamene kakutupitsani bondo. Utsi wa galimoto umakhala ndi nthunzi, ndipo paipi ikakhala yozizira nthunziyo imasanduka madzi n'kumadontha. Galimoto yoyenda imamwaza madonthowo mumsewu. Kuti aunjikane pamalo amodzi mpaka kugwetsa munthu, galimotoyo iyenera kukhala ikulira itaima pomwepo, nthawi yaitali, m'mawa ndi m'mawa. Galimoto yopita kwa Dwayne siingamange chulu kuseri kwa nyumba yanu. Ndipo injini yolira itaima imawotcha lita ndi kupitirira pa ola, osasuntha ngakhale phazi limodzi. Mafuta anu ndikuganiza kuti ndi amene mwatererekapowo.

Sindikumuyeretsa mwamuna wanu, sindinamuone ndipo sindinamununkhize. Munthu amene analimbanapo ndi mowa amafuna maso, ndipo mantha anu si opusa. Koma taonani mmene munamufunsira. Anati sanapite kulikonse, ndipo mwina ananena zoona. Munamufunsa za makiyi, funso limene "inde" wake munanena kale kuti ndi kutha kwa banja. Mukanakhala inu mukanatsegula pakamwa? Lumbiro la makiyi waliphwanya, zimenezo n'zoona, ndipo kubisa kwakeko ndi kulakwa kumene ayenera kupepesa. Koma munthu woba makiyi kuti akamwe ndi munthu wotuluka m'mamawa pachisanu kuti mkazi wake asachedwe kuntchito si munthu mmodzi. Musawapatse chilango chofanana.

Zochita ndi izi. Mawa lomwe pitani kwa makaniko akakuikireni chingwe chatsopano, ndi ntchito yochepa. Mumuuze ayezenso batire, chifukwa maulendo afupiafupi salidzaza, aonenso ngati thanki kapena mapaipi a mafuta sakudontha penapake. Gulani kawotchi kopulaga pasoketi kuti magetsi aziyaka okha maola atatu musananyamuke. Kupulaga usiku wonse n'kungolemeretsa a magetsi. M'mawa lizani injini, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, magalasi akayera nyamukani pang'onopang'ono. Injini imatentha msanga ikamayenda kusiyana ndi ikaima, ngakhale abambo athu ankatiphunzitsa zina. Popani matayala. Golosale muzidzera pochokera kuntchito injini ikadali yofunda, osati kudzukiranso ulendo wina madzulo. Mukatero kwa milungu iwiri, makiyi ali m'thumba mwanu, muone mmene muvi ukuyendera. Sufanana ndi wa m'chilimwe, musayembekezere zimenezo, koma usiya kuthamanga.

Ngati pambuyo pa zonsezi mudzamve fungo kapena kupeza botolo, nyamulani chikwama chanu mtima uli m'malo, ndipo ine ndidzakhala kumbali yanu. Koma kusiya banja chifukwa cha chingwe chimene simunakonzetse, ayi, mayi, zimenezo sindikulolani.

Chomaliza ndi chimene chandichititsa kuyankha kalata yanu ndisanayankhe za ena. Mpando unakankhidwira kumbuyo, ndiye kuti munthuyo amakhala m'kati injini ikulira, mawindo otseka, kunja kusanache. Paipi ya utsi ikatsekeka ndi madzi oundana kapena chipale cholundikana, utsi umabwerera m'galimoto, ndipo mpweya woipa wa mu utsiwo ulibe fungo. Munthu amangomva tulo. Kachulu kaja kakanakula mpaka kutseka paipi, tsiku lina mukanapeza boneti ili yofunda, mwamuna wanu atazizira pampando.

Kaphwanyeni lero lomwe. Koma musanakweze fosholo, tsikirani kuchipinda chapansi, mumutenge Orest, mukaime nonse awiri kumbuyo kwa galimotoyo. Za makiyi musazitchule. Mungomulozera kachuluko, mumufunse kuti kanamera bwanji.

Aphungu