Ndakaona Kwawo kwa Obsa

Peckham, London
14 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene a Weston,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu. Bondo lija likuti bwanji? Kuno tili bwino, kungoti kuzizira kwayamba, ndipo ku wodi kwathu odwala achuluka moti mashifiti akungotsatana.

Ndalemba m'malo moimba foni chifukwa tsiku lija tinasiyana mokwezerana mawu. Munati mwana wanga Cynthia sangakwatiwe ndi munthu wa ku Ethiopia, poti anthu ake ndi aja timawaona akutsitsidwa m'malole pa Dedza, opanda kwawo. Sindikubisirani, nanenso ndinaganiza chimodzimodzi tsiku limene anabwera naye Obsa kunyumba kuno. Ndiye mwezi watha nditatenga holide, ndinanyamuka ndi Cynthia kukadzionera ndekha.

Kwawo ndi ku Jimma, mzinda wa anthu a mtundu wa Oromo. Ndinkayembekezera fumbi ndi njala. Ndinapeza dziko lobiriwira, dothi lofiira ngati la ku Thyolo, khofi akumera mpaka kuseri kwa nyumba.

Lachinayi amayi ake a Obsa, a Zeyituna, ananditengera kumsika waukulu kumene amagulitsa zokometsera ndiwo. Akuti msikawu unkatchedwa Hirmata, ndipo amalonda ankafikapo ndi abulu kuchokera kutali, Blantyre wathu asanabadwe n'komwe. Ndinaona uchi, mafuta a mkaka, ndi timipando ta miyendo itatu tosemedwa pa mtengo umodzi popanda msomali. Chinenero sitinkamvana, koma anandigwira dzanja osanditaya, akundionetsa kwa anzawo benchi ndi benchi. Cynthia atafunsa mnyamata wina wodziwa Chingerezi chimene ankanena, mnyamatayo anatiuza kuti akuti awa ndi amayi a mwana wanga wamkazi.

M'mawa mwake abambo ake, a Jemal, omwe anali mphunzitsi ndipo amalankhula Chingerezi, anatikweza paphiri la Jiren kukaona nyumba ya mfumu yawo yakale, Abba Jifar. Ndi yosanja, yamatabwa kwambiri, ndipo mzinda wonse umaonekera pakhonde pake. Anafotokoza kuti mfumuyi inasankha kupereka msonkho kwa mfumu yaikulu ya dzikolo m'malo momenya nkhondo, n'chifukwa chake mzinda sunaotchedwe. Sanabise zoipa ayi. Anati pamsika womwe uja ankagulitsaponso anthu, monga zinkachitikira ku Nkhotakota. Munthu wonena zochititsa manyazi za kwawo asanafunsidwe, ine ndimamukhulupirira.

Mukundidziwa kuti sindisunga mawu m'mimba. Tili pakhonde pomwepo ndinawafunsa za anyamata a m'malole aja. A Jemal anati mwana wa mng'ono wawo ananyamuka ulendo womwewo zaka zinayi zapitazo, kulowera ku Joni, ndipo foni yake yomaliza anaimba atangolowa m'Malawi. Mpaka lero zii. Anandifunsa ngati kwathu mlendo akafera panjira amaikidwa ngati munthu. Achimwene, misozi inandilengeza. Ndinawayankha kuti kwathu maliro alibe mlendo, ndipo ndinakumbukira kuti inu nomwe munapereka matabwa a bokosi la munthu wa ku Mozambique uja anafera pasiteji pa Linthipe. Choncho anyamata aja ali ndi kwawo, ndipo kuli anthu omwe akuwadikirabe.

Za Obsa ndilibe nazo mantha. Ndi dalaivala wa sitima zapansi panthaka za Jubilee kuno ku London, samwa mowa, ndipo Cynthia atagonekedwa m'chipatala chaka chatha ndiye ankandiphikira ndikachoka kuntchito. Ndi Msilamu, ndipo ndikudziwa kuti zimenezi zikuvutani monga mkulu wa mpingo. Ndinawakhazika pansi onse awiri. Obsa anati Cynthia azipitabe kutchalitchi kwake, ndipo makolo a mnyamata anavomera pamaso panga.

Pempho langa ndi limodzi. Mwambo wawo ngofanana ndi wathu: akuluakulu a kuchimuna amapita okha kukapempha mbeta kwa eni ake. Nditawauza kuti mwini mbumba ndinu, a Jemal anati iwo ndi mkulu mnzawo akwera ndege mu Disembala kufika ku Dedza konko. Alandireni, muwamve, muwafunse zonse zimene zikukuvutani mumtima. Mukakana mutaonana nawo maso ndi maso, ndidzakhala pansi n'kumvera zifukwa zanu. Mukavomera, unkhoswe ndi wanu, palibenso wina. Ine ndawatsimikizira kale kuti mlongo wanga ndi waukali pakamwa pokha, ndipo sanabwezepo mlendo pakhomo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a Nachisale, kwa Rogers ndi mkazi wake, ndi kwa adzukulu onse. Cynthia akuti akuopa kukuimbirani, koma tsiku lililonse amandifunsa ngati amalume anenapo kanthu. Muyankheni mwini wakeyo.

Ndine mlongo wanu,
Rabecca