Moto Sutopa Kukwera

Lolemba, 18 Novembala

Mphepo ya kumwera yayamba. Udzu wa m'makhwawa wauma kale.

Lero ndakwanitsa mwezi osakwera galimoto yozimitsa moto. Zaka makumi anayi ndi zitatu ndikulimbana ndi moto m'mapiri a mzinda wa Valparaíso muno, m'mphepete mwa nyanja, modzipereka ngati anzanga onse, ndiye Matías akhale kaputeni chaka chimodzi n'kunditsitsa. Mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kupinda paipi! Akuti, "Don Eleodoro, maondo anu akudandaula okha pamasitepe. Kaphunzitseni ana kusukulu za moto, imeneyonso ndi ntchito." Ine, amene sukulu ndinaisiyira m'kalasi yachinayi. Akufuna ana akandiseke basi. Mkazi wanga Ercilia akanakhala moyo akanapita kukamukoka khutu.

Akuluakulu a gulu lathu akumana pa 12 Disembala. Ndawalembera. Andibwezere mpando wanga.

Lachitatu, 20 Novembala

Sukulu ya pamwamba, pafupi ndi mitengo ya bulugama. Masitepe 214, ndinapuma kanayi. Ana 31, a zaka zisanu ndi zitatu. Mphunzitsi wawo ndi Yasna, mtsikana waulemu.

Ndinalowa nditavala chisoti. Kamnyamata kena, Bastián, kakuti, "Agogo, wamkulu ndani, inu kapena chisoticho?" Onse anafa nalo phwete. Yasna anandipatsa choko, ndinabweza. Zolemba zanga zili ngati podutsa nkhanu.

Ndinangofunsa pakamwa: lipenga lochenjeza likalira mumatani? Onse pamodzi ngati kwaya, "Timakwera phiri!" Nanga ukakhala moto? "Timakwera phiri!"

Anawa sanalakwe. Chibadwire akhala akuwaphunzitsa za chivomezi ndi nyanja imene imasefukira pambuyo pake. Pakona iliyonse chikwangwani chobiriwira, muvi woloza kumtunda. Tawaphunzitsa bwino kuthawa madzi, n'kuwalozera m'kamwa mwa moto.



Lachisanu, 22 Novembala

Ndinapita ndi machesi. Yasna maso tong'o. "Don Eleodoro, zimenezo muno saloleza, mundichotsetsa ntchito!" Ndinati atseke chitseko, mphindi imodzi yokha.

Kamtengo koyamba ndinakagwira mutu uli m'mwamba. Lawi linatsika pang'onopang'ono, ngati ine pamasitepe. Ana anawerenga mpaka 20. Kachiwiri ndinakazondotsa, mutu pansi. Asanafike pa 3 lawi linali litandinyambita chala. Ndinakaponya m'kapu ya madzi.

Ine ndaonapo moto ukudya misewu yathunthu, koma kalawi kaja kanandiopsa ngati ndikukaona koyamba. Chinthu chopanda miyendo, kukwera mtunda kuposa hatchi.

Ndinati madzi amakwera n'kutopa, moto sutopa. Nthaka ikagwedezeka, kwerani. Mukaona utsi, tsikani.

Kamtsikana kakumbuyo, Millaray, mano awiri akutsogolo kulibe: "Nanga motowo ukakhala kumunsi kwathu?" Amuna a ndevu zawo sanandifunsepo funso limeneli. Ndinati dutsani chopingasa mumsewu waukulu, kutali ndi khwawa, mpaka muone nyanja popanda utsi, ndiye mutsike. Kanalemba m'kope. Mawu anga ine, munthu kuwalemba!

Lachinayi, 28 Novembala

Tsiku lomaliza ndi kalasi ija. Kukwawa pansi pa utsi, kuyesa chitseko ndi kuseri kwa dzanja, kusabisala kunsi kwa bedi. Bastián anakwawa mpaka pabwalo akuuwa ngati galu.

Pageti ndinakumana ndi agogo ake a Millaray, Doña Uberlinda, ogulitsa mikate. Akuti, "Ndinu amene mukusokoneza mwana wanga? Ife nyanja inatilanda nyumba kumwera kuja ndili kamtsikana. Tinapulumuka chifukwa chokwera. Mwakalamba, musamasewere ndi mitu ya ana." Ndinangovula chipewa. Nawonso sakunama.

Kwa Matías kuli zii.

Lamulungu, 8 Disembala

Dzulo sindinathe kugwira cholembera.

Lipenga linalira itangokwana 3 koloko masana. Moto m'khwawa la kuseri kwa sukulu. Ndinafika kumalo athu ozimitsa moto akutulutsa galimoto. Matías anakuwa pawindo, "Kubwalo la kumunsi, Don Eleodoro! Kalandireni otsika!" Pampando wanga pali wina. Ndinatukwana, Mulungu andikhululukire, koma ndinapita.

Ukaima pabwalo paja phiri lonse limaoneka. Moto sindinauonepo ndili chilili, manja ali lende. Ndinkauona pafupi, khoma limodzi, denga limodzi. Dzulo ndinauona wonse. Utsi kutalika mpaka kuphimba dzuwa, dzuwalo n'kukhala ngati lalanje lowola. Mitengo ya bulugama kuphulika umodziumodzi. Khwawa lonse lija unalikwera m'nthawi yomwera kapu ya tiyi. Ndinangopezeka ndikupemphera mokweza.

Kenako pamasitepe. Anthu akutsika, ana patsogolo. Wina akukoka bambo ake malaya. Wina mphaka m'chikwama cha kusukulu. Bastián atabereka mng'ono wake, nsalu yonyowa pamphuno, osaseka. Yasna anabwera kudzaima pambali panga ndi mndandanda wa maina, akuimbira makolo amene anatsikira njira zina. Tinafika pa 30. Millaray palibe, foni ya kwawo osayankhidwa.

Zimene ndinaganiza mphindi makumi awiri zotsatirazo sindizilemba.

Millaray anatulukira msewu wa kumanda, chopingasa, atawagwira dzanja Doña Uberlinda. Gogoyo sanandiyang'ane. Anangouza mayi wina pafupi nane kuti, "Ndimati tikwere kubwalo la mpira monga mwa masiku onse. Kameneka kanakhala pansi pakati pa msewu, kakuti agogo mukakwera mukwera nokha. Ndikanatani ine?"

Kubwalo la mpirako moto unafika 4 koloko isanakwane. Kwatsala zitsulo za magolo.

Nyumba 46 zapita. Wakufa palibe ngakhale mmodzi. Ndalemba kawiri kuti ndikhulupirire: palibe ngakhale mmodzi.

Lachinayi, 12 Disembala

Akuluakulu akumana. Kalata yanga asanaitsekule n'komwe, Matías waimirira, maso ofiira, dzanja lili m'bandeji. Akuti ndibwerere, ndizikhala pafupi ndi dalaivala, palibe wodziwa tinjira ta m'mapiri ngati ine. Pamaso pa onse: "Ndinakulakwirani, Don Eleodoro."

Miyezi iwiri ndakhala ndikunola mawu oti ndidzamulase nawo. Mawu onsewo anandithawa. Ndati ndiganize kaye. Adikire, alaweko nayenso.

Ndikuyesa kukwiyabe, koma mkwiyowo ukungofuka ngati nkhuni zaziwisi. Ananditsitsa mondinyoza, pamenepo sindisintha. Koma ndikanakhala pampando paja Loweruka, ndikanagwira paipi imodzi, mwina n'kupulumutsa khoma limodzi.

Mzinda uno uli ndi mapiri oposa makumi anayi. Lililonse ndi sukulu yake, ndipo mwina ana onsewo akudziwa kukwera basi. Sukulu zitseka Lachisanu la sabata yamawa, pamene mphepo ikungoyamba kumene. Masiku asanu ndi limodzi. Ndikamayamba 8 koloko, ziwiri patsiku, mwina zitatu Yasna akawaimbira anzake. Maondo aona okha chochita. Mawa ndiyambira ya kumtunda kwa doko, kumene bulugama wafika mpaka pampanda.

Pampando paja akhalepo wina. Matías ndimuuza Lolemba. Kapena Lachiwiri.